A Sipuleya, Masiki Yawo ndi Njuchi za Apongozi

Mukatsika minibasi pa Mponela n'kukwera kabaza wolowera kumapiri a Ntchisi, yesani kufunsa za munthu wotchedwa Elifala Mbewe. Anthu angoyang'anana. Koma mukangoti "a Sipuleya", ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa akulozerani ndi mlomo njira ya kwa Kamtsitsi. Nyuzipepala sizinawalembepo, wayilesi sinawatchulepo, ndipo ndi zamanyazi, chifukwa munthu ameneyu ndiye anakonza lamulo loteteza njuchi m'mudzimo, komanso ndi yemweyo amene anayamba wazipha njuchizo. M'tauni ntchito ziwiri zimenezi zimafuna anthu awiri, aliyense ndi ofesi yake. Kwa Kamtsitsi anazigwira munthu mmodzi, wovala patapata.

A Elifala anabadwira ku Nachisaka, ku Dowa, m'banja la ana asanu ndi anayi. Iwo anali achisanu ndi chiwiri, malo amene munthu amaiwalika ngakhale pogawa mbatata. Sukulu analekezera Sitandade 6. Zotsala zonse anaphunzira m'fodya: kuthirira nazale, kudulira, kusoka, kupachika m'chigafa. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu anakwera kumapiri kukagula nyemba zoti akagulitse, pamsika anaona mtsikana wotchedwa Tabita, ndipo nyembazo mpaka lero sanagule. Anakwatira chikamwini. Anasiya kwawo n'kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, kutsidya kwa mjigo, moyang'anana ndi mpanda wa apongozi awo, mayi Kezia, amene mudzi wonse umawatchula ndi chiwongo chawo, a Nankhoma.

Tsono kwa Kamtsitsi mwambo wa apongozi sunafe. Kwina anausiya kale, mkamwini mpaka amatumizirana zithunzi pa foni ndi apongozi ake. Kuno ayi. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi, salankhula nawo, sadya iwo akuona. Akakumana panjira, mmodzi amapatuka, ndipo a Nankhoma sanali munthu wopatuka. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi a Elifala analowa m'chimanga, analowa m'nzimbe, analowa m'ngalande, ndipo tsiku lina latsoka analowa m'chitedze n'kukanda thupi mpaka Lachinayi. Nkhope ya apongozi awo ankaidziwa mmene munthu amalidziwira dzuwa: amadziwa pamene lili, koma saliyang'ana.

Sipuleya ija, ya pamsana, inabwera ndi kampani ina ya fodya imene inachita nawo mgwirizano. Inabwera ndi ovolosi, majombo, magolovesi, magalasi akuluakulu, ndi masiki yokhala ndi chimphuno ngati cha nkhumba. Kampani inapita, sipuleya inatsala, ndipo munthu amene sankakumbukiridwa pogawa mbatata anayamba kuitanidwa minda yonse ya m'phirimo. Ntchembere zandonda zikalowa m'chimanga, a Sipuleya. Matimati akayamba kupsa masamba kudimba, a Sipuleya. Ovolosi ankavala pokumba manda. Majombo ankavala mvula ikagwa. Koma masiki anaikulunga m'jumbo n'kuitsomeka kudenga, ikadali yatsopano.

"Mwamuna sapopera atabisa nkhope ngati wakuba," ankatero, kwinaku akutsokomola.

Anali ndi malamulo awo awiri. Loyamba: botolo likati chitsekero chimodzi pa sipuleya yodzaza, iwo ankathira ziwiri, chifukwa amene analemba botololo sanazionepo mbozi za kuno. Lachiwiri: ankapopera dzuwa lili paliwombo, mwini munda akuona, anthu akudutsa. Ati ntchito yamadzulo ilibe mboni.

Kumtunda kwa mudzi, m'mitengo ya masuku, munali ming'oma ya njuchi khumi ndi umodzi imene anasiya malemu apongozi awo aamuna. Ankaisamala Benjamini, mlongo wake wa Tabita, mlamu amene a Elifala ankasewera naye bawo ndi kunyozana naye momasuka. Zaka zinayi zapitazo, mlimi wina anadzala mpendadzuwa m'munsi mwa ming'omayo, ndipo maluwa atatseguka munda wonse uli chikasu, ukulira ndi njuchi ngati injini, anaitana a Sipuleya. Zitsekero ziwiri, dzuwa lili paliwombo. Mmawa mwake a Elifala anadutsa kumeneko kukatenga ndowa imene anaiwala, n'kupeza pansi pa mitengo pali bii. Njuchi zinali mulu, zina zikuzungulirabe chagada.

Munthu wanzeru akanathamanga kukanena. A Elifala anathyola nthambi, anasesa bwinobwino, anakumba kadzenje pambali pa chulu, n'kukwirira. Anapondaponda ndi majombo. Anabwerera kunyumba n'kufunsa ngati madzi osamba atentha.

Ming'oma inatsala inayi yokha yamoyo. Chaka chotsatira maungu anachita maluwa ambiri, chiluwe anthu anadya mpaka kutopa nacho, koma tiana ta maungu tinkangofika ngati dzira, n'kuchita chikasu, n'kugwa. Aliyense amene anafika Fomu 2 akudziwa chifukwa chake: mungu suyenda wokha kuchoka paduwa lina kupita pa lina, umafuna wounyamula. Koma a Fomu 2 safunsidwa m'mudzi. Anthu anati pali wina amene akukawa, ndipo maso onse analoza mkulu wina wa kutsidya kwa phiri amene maungu ake anabereka, chabe chifukwa kwawoko sipuleya inali isanafike. Akanamugwetsera nyumba mkulu uja pakanapanda mlangizi wa zaulimi, amene anabwera pa njinga yamoto n'kufotokoza za mungu kwa maola awiri. Anthu anamva theka. Theka linalo linafotokozedwa ndi nkhuku za a Nankhoma, zimene zinali zitafukula kale pambali pa chulu paja, ndipo mwini wake anali ataona mapiko ndi mapazi a majombo n'kungosunga mumtima.

Ankhoswe anakhala pansi. A Nankhoma anakhala kuseri kwa mpanda, mawu awo ankadutsa mwa achimwene awo. Chigamulo chinali chachifupi: njuchi zotsalazo zikadzafanso ndi mankhwala, mkamwini adzanyamule sipuleya yake abwerere ku Nachisaka. Ndipo ku Nachisaka a Elifala analibe ngakhale mzere umodzi. Munda wa amayi awo unali utagawidwa kale kwa ana a alongo awo. Amene anawapepesera tsikulo, mpaka kuvula chipewa, anali nkhoswe yawo, a Solomoni, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo.

Palibe wolalikira mokweza kuposa amene wangolapa kumene. Mlangizi ataitanitsa msonkhano wa alimi kuti mudzi ugwirizane za kapoperedwe, a Elifala anakhala kutsogolo. Mlangizi ankafuna kuti mbewu ikakhala pamaluwa isapoperedwe n'komwe. Alimi anakana, ati nsabwe zimabwera nthawi yomweyo, tidya malamulo kodi? Anagwirizana pakatikati: kupopera kukhale kwamadzulo njuchi zitalowa, mankhwala ayezedwe monga botolo lanenera, ndipo mwini ming'oma auzidwe kudakali tsiku lathunthu kuti atseke njuchi zake. Mayi wina anati uthengawo angathe kutuma mwana kapena kuimba foni. Apa ndi pamene a Elifala anaimirira.

"Ayi! Mwana amaima pampira n'kuiwala. Foni imatha chaji. Wopopera apite yekha, ndi miyendo yake, akanene ndi pakamwa pake kwa mwini ming'oma, maso ndi maso. Lembani zimenezo, alembi!"

Anthu anaomba m'manja. Alembi analemba m'kope la masamu. A Elifala anasankhidwa kukhala tcheyamani pomwepo, ndipo anayenda ulendo wobwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Zinali zosavuta: mwini ming'oma anali Benjamini, ndipo uthenga ankaunena ali pabawo, akudya nkhomo za mlamu wawo.

Patatha miyezi isanu ndi itatu Benjamini anakwera basi ya ku Joni. Ming'oma anasiyira amayi ake.

A Nankhoma anavala ovolosi yoyera ya mwana wawo, anapinda miyendo kawiri, anavala chisoti cha neti, ndipo pa zaka ziwiri ming'oma inayi inasanduka isanu ndi inayi. Chaka choyamba a Elifala anazemba. Aliyense wa munda woyandikira kuphiri akawaitana, msana unkawawa. Koma msana suwawa kwa nkhoswe yako. Lachitatu lina m'mwezi wa Malichi chaka chino, mmamawa, a Solomoni anafika pakhomo ndi tsamba la nyemba m'manja, kunsi kwake kuli bii ndi nsabwe.

"A Mbewe, taonani alendo andifikira. Mawa madzulo mukandithandize. Nyemba zachita maluwa bwino, zisandifere m'maso."

Munda wa nyembawo unali m'munsi mwenimweni mwa mitengo ya masuku ija.

"Mawa, aphunzitsi?"

"Mawa. Ndiye lero mukauze eni ake ming'oma, monga mwa buku lanu lija."

Tabita, amene akanatha kuima pakati, anali ku Mvera kumsonkhano wa amayi a Chigwirizano. A Elifala anakwera pachulu pamene pamagwira netiweki n'kuimba.

"Amake Thoko, mukubwera liti?"

"Lamulungu tikaweruka. Bwanji, mchere watha?"

"Si mchere ayi. Ndi nyemba za a Solomoni. Akufuna ndipopere mawa."

"Kapopereni."

"Tsono amayi ayenera kudziwa lero. Ndimati mwina muimbire anzanu aja a Luckness, awolokere kumeneko akawauze."

Kunamveka kuseka, ndipo sikunali kwa munthu mmodzi. Zikuoneka kuti Tabita anali atatsegula foni kuti anzake amve.

"Aaa, a tcheyamani! Si inu munati foni imatha chaji? Ine ndinaomba m'manja tsiku lija mpaka zikhato kutentha."

"Amake Thoko, nkhani yake si yoseka. Njuchi zikafa ine ndapita."

"Ndikudziwa, bambo a Thoko. Ndiye musaziphe. Miyendo muli nayo, pakamwa muli napo. Ife kuno tikupemphererani, tili pamalo pake."

Foni inaduka. Chaji inalipo yambiri.

Chakumasana a Elifala anazungulira kuseri kwa mpanda wa apongozi. Kudzera m'mipata ya udzu ankamva mtedza ukusweka, tswa, tswa, tswa. A Nankhoma analipo. Pafupi ndi mpandawo panali mbuzi yomangidwa pachikhomo. A Elifala anafulatira mpanda, anayang'ana mbuzi, anakonza kukhosi.

"Iwe mbuzi. Mawa madzulo kumunda kwa a Solomoni kukhala mankhwala. Amene ali ndi ziweto zouluka adziwe."

Mtedza unasiya kusweka. Kenaka kunamveka mawu, osafulumira, olunjika pansi.

"Nkhuku iwe, wamva? Mbuzi yalandira uthenga. Kaya ili ndi ming'oma ingati mbuzi imeneyi."

A Elifala anapukuta thukuta.

"Iwe mbuzi, uiuze nkhuku kuti munthu akayesetsa, anthu amamumvera chisoni."

"Nkhuku iwe, ine kusukulu sindinapiteko, koma kumsonkhano ndinapita ndi makutu onse awiri. Anati ndi pakamwa pake, kwa mwini wake, maso ndi maso. Ananena ndi munthu wamkulu, wa mawu okweza. Za mbuzi sindinamve."

Mbuzi inakodola mutu n'kupitiriza kudya.

"Ndiponso, nkhuku iwe," mawu aja anapitiriza, "usadandaule. Zikafa, udzafukulanso. Ntchito imeneyo umaitha."

Tswa, tswa, tswa.

A Elifala anabwerera kwa a Solomoni kukapempha kuti adikire mpaka Lolemba. A Solomoni anawayang'ana pamwamba pa magalasi, ngati mwana wobwera opanda homuweki.

"Nsabwe sizidikira Chigwirizano, a Mbewe. Ngati msana wayambanso, nenani. Pa sitolo paja pali mnyamata wogula sipuleya chaka chino, akhoza kubwera mawa lomwe."

"Amene uja amapopera masana! Amathira zitsekero ziwiri!"

"Anaphunzira kwa akatswiri," anatero a Solomoni.

Apa a Elifala anaona kuti njira zonse zikupita ku Nachisaka. Akapopera osanena, njuchi zifa. Akakana, apopera wina, njuchi zifabe, ndipo chigamulo chija sichinatchule kuti sipuleya ya ndani. Tcheyamani ndi tcheyamani. Akapita kukaima pamaso pa apongozi nkhope ili pamtunda, mudzi wonse udzati mkamwini wakula mwendo, ndipo munthu wotere sachedwanso kulozedwa njira.

Analowa m'nyumba n'kugona chagada pamphasa, maso kudenga. Anawerenga mitengo ya denga imene anadula okha, anaisenza okha kuchokera kuphiri. Anaganiza za mapapaya awiri amene anadzala pakhonde, amene chaka chino ayamba kubereka. Mkamwini sanyamula mtengo. Ndipo ali chiyang'anire choncho anaona jumbo, yakuda ndi mwaye, yotsomekedwa pamene anaisiya zaka khumi zapitazo.

Munthu wobadwira ku Dowa amadziwa chinthu chimodzi, ngakhale wa mpingo sanena mokweza kumene anachidziwira: wovala kumaso safunsidwa dzina. Mwambo ukukana nkhope. Buku likufuna maso. A Elifala anadzuka.

Anavala ovolosi ya kumanda ija. Anavala majombo, kunja kulibe mtambo. Anavala magolovesi, magalasi, ndipo pomaliza masiki ya chimphuno cha nkhumba, imene inkanunkhabe fakitale. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anavala zonse zimene mlangizi anawachonderera kwa zaka khumi, ndipo sipuleya anaisiya pakhonde.

Amayi a pamjigo atawaona anasiya kupopa. Mmodzi anatula ndowa kuti athawe bwino. Agalu anawaperekeza njira yonse.

"Kodi si a Sipuleya amenewa? Mayendedwe ake ndi omwewo!"

"A Mbewe, kwagwanji? Matenda aja abweranso?"

A Elifala anangopitirira. Pakhomo pa apongozi anapeza makoko a mtedza okha ndi nkhuku ija, imene inawayang'ana ndi diso limodzi. Anadziwa kumene mwini wake ali. Anakwera phiri, mpweya ukulira m'chimphuno, magalasi akuchita nkhungu, thukuta likudzaza m'majombo.

Pansi pa mitengo ya masuku panaima chinthu choyera, chachifupi, cha chisoti cha neti. Pambali pake panali mulu wa masaka opindidwa bwino, ndowa ziwiri, ndi mitolo ing'onoing'ono ya udzu yotsekera makomo a ming'oma, isanu ndi inayi, yomangidwa kale. Zinthu zimenezi sizikonzedwa tsiku limodzi. A Nankhoma anali ataziona nsabwe m'nyemba za a Solomoni Lolemba, a Solomoni eni ake asanazione.

A Elifala anaima patali pang'ono, miyendo ikufuna yokha kulowa m'tchire. Anaigwira ndi mtima.

"Odi."

"Odi kutchire?" chinayankha chisoti.

"Ndabwera kwa eni ake ming'oma."

"Ndinu ndani?"

"Ndine... wopopera."

"Wopopera ameneyu alibe apongozi?"

"Lero wawasiya kunyumba."

Njuchi zinkadutsa pakati pa awiriwo, zikupita kunyemba ndi kubwerako, miyendo ili chikasu.

"Chabwino. Inenso mkamwini ndamusiya kunyumba. Sunthirani kuno, mawu akutsakamira m'mphunomo. Nenani."

Anasunthira. Kudzera m'magalasi a nkhungu ndi neti yakuda anaona maso awiri aang'ono, owala, ofanana ndendende ndi a Tabita akakwiya. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sankadziwa kumene mkazi wawo anawatenga maso amenewo.

"Mawa madzulo, dzuwa likalowa kuseri kwa phiri, ndipopera nyemba za a Solomoni. Ndati mudziwe, mutseke njuchi zanu."

"Ndamva. Zitsekero zingati?"

"Chimodzi."

"Ndidzathira ndine."

"Aa, amayi, mankhwala aja ndi oopsa..."

"Mwadziwa liti?"

Pamenepo njuchi imodzi, yosadziwa za buku kapena za mwambo, inapeza kampata pakati pa kolala ndi lamba wa masiki, n'kuluma kuseri kwa khutu. Munthu aliyense akanakuwa n'kuvula zonse. A Elifala sakanatha kuvula, chifukwa kunsi kwa masiki kunali mkamwini. Anaima njo, misozi ikutsikira m'chimphuno cha nkhumba.

"Musaipitikitse, yafa kale imeneyo," anatero a Nankhoma. "Mmodzi mwa ana a zija munakwirira. Mukudziwa, bambo wopopera, njuchi zimafa. Chilala chimapha, linthumbu limapha, ngakhale ine pofula ndimapondako zina. Zimenezo ndikanaiwala. Chimene sindinaiwale ndi tsache lija. Ming'oma ija anasema amuna anga ndi manja awo. Munthu amasesa maliro a eni ake n'kubwera kudzafunsa madzi osamba?"

A Elifala anayesa kugwada, majombo anakana kupinda, anangokhala ngati agwa.

"Pepani, amayi. Ndinachita mantha."

"Mukamuuze mkamwini wanga kuti ndamva. Tsono dzukani. Masaka awa afunika kunyowetsedwa mawa, ndipo chitsime chili kumunsi. Popeza mwabwera ndi miyendo yanu."

Lachinayi dzuwa litapendeka a Elifala anatunga ndowa khumi ndi ziwiri, atavala zonse. Njuchi zomaliza zitalowa, a Nankhoma anatseka makomo ndi udzu wolowa mpweya, n'kufunditsa mng'oma uliwonse saka lonyowa kuti za m'katimo zisapse ndi kutentha. Kenaka anatsikira kumunda, anatenga botolo, anathira chitsekero chimodzi, osadzadza n'komwe mpaka m'milomo. A Elifala anayang'ana timankhwala timeneto ngati munthu wopatsidwa tiyi wopanda shuga kumaliro. Anapopera kukuchita chisisira, popanda wodutsa, popanda woyamikira, mboni ili imodzi yokha, ndipo mboniyo inkawalozera mizere imene adumpha.

Lachisanu chakumadzulo a Nankhoma anakwera kukatsegula. A Elifala anawatsatira chapatali, opanda masiki, n'kubisala m'chimanga cha mnansi, khutu litatupa ngati chitumbuwa. Anamva udzu ukuzulidwa. Anamva kulira kuja kukuyamba, mng'oma woyamba, wachiwiri, mpaka phiri lonse linayambanso kulira ngati injini. Loweruka mmawa anabwereranso m'chimanga momwemo, chifukwa njuchi sizifa tsiku lomwelo. Anaona apongozi akuwerama pansi pa mtengo uliwonse, akupalasa masamba ndi kamtengo, pang'onopang'ono, ngati wofuna singano. Pamtengo wachisanu ndi chinayi anaweramuka, anagwira m'chiuno, n'kulankhula ndi msuku.

"Iwe mtengo, zafa khumi ndi ziwiri. Zokalamba, mapiko othothoka. Ukaona munthu wina m'chimangamo, umuuze asavutike kumanga katundu. Ndiponso umuuze kuti chimanga chikuyenda popanda mphepo."

Nsabwe za a Solomoni zinafa ndi chitsekero chimodzi chomwecho. A Elifala amati zinali nsabwe zofooka, za chaka cha mvula yambiri. Nyemba zinabereka, maungu a Tabita anabereka mpaka ena kuwolera m'munda, ndipo Tabita atabwera Lamulungu sanafunse kanthu: nkhani inali itafika kale ku Mvera iye asananyamuke. M'mwezi wa Juni pakhonde panapezeka botolo la uchi lopanda mwini. Palibe anafunsa, palibe anathokoza.

Wina angaganize kuti kuyambira pamenepo awiriwa amapatsana moni. Ameneyo sakudziwa kwa Kamtsitsi. Sabata yomweyo anakumana panjira ya kuchigayo, ndipo a Elifala analowa m'ngalande monga mwa nthawi zonse. Chimene chinasintha n'chakuti masiki sibwereranso kudenga. Imakhala pamsomali pafupi ndi chitseko. Denga la apongozi likadontha, mbuzi ikadwala, Benjamini akaimba kuchokera ku Joni, anthu amaona chimphuno cha nkhumba chikudutsa pamjigo, ndipo kutsidya kwa mpanda chisoti cha neti chimatsika pamsomali wake. Agalu anazolowera.

Tsiku lina mlangizi anakumana nawo atavala choncho, akupita kukakambirana za chitseko cha khola. Anaimitsa njinga yamoto, anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe, anawajambula, ndipo akuti chithunzicho chinapita mu lipoti monga chitsanzo cha mlimi amene wamvetsa uphungu. Kuminda yakutali, kumene apongozi safika, a Elifala amapoperabe nkhope ili pamtunda, ngati mwamuna. Koma minda yambiri ya kwa Kamtsitsi ili pafupi ndi phiri, ndipo kumeneko wothira mankhwala amakhala ataima pamzere, choncho masiki sichoka. Chifuwa chija chimene anakhala nacho zaka khumi chayamba kuchepa.

Iwo amati ndi uchi.